Kanema wa pafoni angathandize mwana wovuta kudziona yekha

Ngati mumakhala m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, mukuwadziwa anyamata amene anasiya sukulu n'kumakakoka makoka kudoko. Ndalama ya usipa ikalowa m'thumba, ena amayamba chamba ndi kachasu, kenaka ndewu ndi kuba. Mukamudzudzula wotereyu, amakanitsitsa kuti sanaopseze munthu. Nthawi zina sakunama ayi: munthu akapsa mtima sadziona nkhope, sadzimvanso mawu.

Apa m'pamene kanema amathandiza. Mlangizi wophunzira ntchitoyi amasonkhanitsa achinyamata ochepa n'kuwajambula pafoni akuchita sewero, mwachitsanzo la mkangano pogawana ndalama za nsomba. Kenaka amasankha tizigawo tifupitifupi kuti aonere pamodzi. Sawalalatira, amangofunsa: "Waona chiyani apa? Mnzakoyu anamva bwanji?"

Chachikulu n'kusankha bwino zoonetsa. Njira yotchedwa Video Interaction Guidance, yomwe inayambira ku Netherlands m'zaka za m'ma 1980, imaonetsa pamene munthu wachita bwino: pamene wamvetsera, wadikira mnzake amalize, kapena waugwira mtima. Mwana wozolowera kutchedwa mbava akaona ndi maso ake kuti amatha kudziletsa, amakhala ndi poyambira. Mukamuonetsa zoipa zokhazokha anzake akuseka, achita manyazi ndipo sabweranso.

Gululonso lifunika kusamala. Mu 1999, katswiri wa ku America, Thomas Dishion, ndi anzake anachenjeza kuti kusonkhanitsa achinyamata ovuta okhaokha kungawonjezere vuto, chifukwa amachemererana akamasimba zoipa. Choncho wamkulu asachoke, ndipo asalole kuti wina atamidwe chifukwa cha ndewu.

Inu makolo ndi odzipereka pa zaumoyo, musayambe nokha. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kuti mwana wolakwa pang'ono athandizidwe kumudzi m'malo motengeredwa kukhoti kapena kumalo osinthira khalidwe monga Mpemba ndi Chilwa. Funsani ku ofesi yosamalira anthu paboma kapena kuchipatala, apo ayi imbani 116.

Mlangizi asanajambule, mwana ndi inu muvomereze kaye. Funsani amene asunge foniyo ndi tsiku limene kanemayo adzafufutidwe. Kanema akangolowa pa WhatsApp simungamubwezenso, ndipo mwana wanu adzalozedwa chala kudoko konse.