Mphika wa Nsima Ukakula, Njira Icepa

Malo odyera a m'komboni sayamba ndi pulani. Ayamba ndi mbaula imodzi, mphika wa nsima, benchi, ndiponso mai wolimba mtima amene afuna kuti ana ake asaleke sukulu. Anyamata ooca zitseko ndi mawindo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, makondakitala a mabasi ku Chawama, amalonda a pa msika wa Mtendere, onsewa afuna nsima yotentha masana, ya kapenta, cibwabwa kapena nkhuku ya kumudzi. Malonda akayenda, mai uja aika khonde la malata. Caka camawa khondelo lisanduka cipinda ca mabuloko, ndipo khonde latsopano likhala pa njira imene tonse tipitamo.

Pamenepo ndi pamene mau ayamba kumveka kuseli kwa mipanda. Utsi wa malasha ulowa m'zipinda za anansi. Madzi otsukila mbale aima m'ngalande nkuitana nchenche. Cimbudzi cimene cinakumbidwa kuti cithandize banja limodzi cilandila alendo tsiku lonse. Coopsa kwambili ndi njira. Kumene kale galimoto inali kufika pakhomo kudzatenga wodwala, tsopano anthu anyamula mai wapakati pa wilibala mpaka ku msewu waukulu, ndipo bokosi la malilo lipita copendekeka.

Nanga ndani ayenela kuweluza? Yankho lake lili m'mbili ya makomboni athu. George, Chawama, Kanyama ndi Kalingalinga anamangidwa ndi anthu eni ake, boma lisanawavomeleze. Lamulo la 1974 la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act ndilo linatsegula njira yakuti malo otere azindikilidwe, ndipo m'zaka zomwezo George ndi Chawama anakonzedwa ndi ngongole ya World Bank. Koma cikalata cimene ambili tinalandila ndi cilolezo cokhalapo zaka 30, osati umwini wa nthaka. Malile a pakati pa nyumba ndi nyumba kawili-kawili sanapimidwe. Aliyense adziwa pamene agogo ake anabzala mtengo wa mango, basi. Komanso lamulo lakale la mapulani a matauni la 1962 silinali kugwila nchito m'malo amenewa. Ku Matero nkhani ndi ina pang'ono. Kumeneko nyumba zinamangidwa ndi Khonsolo m'mizele yake, koma zitagulitsidwa kwa okhalamo mu 1996, m'nthawi ya Pulezidenti Chiluba, eni ake atsopano anayamba kuonjezela zipinda ndi tuntemba mpaka ku mpanda.

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inacotsa malamulo awili aja nkuika limodzi, la Urban and Regional Planning Act. Malinga ndi lamuloli, wofuna kumanga kapena kusandutsa nyumba yogona kukhala malo a malonda ayenela kupempha cilolezo ku Khonsolo. Malo ogulitsa cakudya aunikidwanso ndi a zaumoyo, ndipo mowa uli ndi laisensi yake-yake pansi pa lamulo la 2011. Pa pepala zonse zili bwino. Koma mai wophika nsima ku Kanyama, amene phindu lake la tsiku litha ndi thumba la malasha, adzapeza kuti ndalama zolipila wojambula pulani ndi masiku opondela ku Civic Centre? Ambili amanga usiku ndi pa Sondo. Ena apeleka kanthu kwa anyamata a cipani kapena kwa munthu wodzicha cheyamani wa dela, nalandila kapepala kopanda mphamvu iliyonse pamaso pa lamulo.

Tisaganize kuti anansi odandaula ndi ansanje cabe, ngakhale nsanje nayo siisowa pamene mnzako wayamba kugula ufa wa matumba. Kanyama ili pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambili. Zotuluka m'cimbudzi cokumba zifika msanga m'citsime ca mnansi, makamaka mvula ikasefukila. Kolera imene inabuka mu October 2017 inagwila anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo pafupi-fupi 100 anamwalila. Mu January 2018 asilikali anacotsa amalonda m'misewu, malo odyera ambili anatsekedwa, anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku, ndipo m'madela ena ngakhale kusonkhana ku mapemphelo kunaimitsidwa. Mu 2024 matendawa anakula koposa: bwalo la mpila la Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anakhala otseka mpaka February.

Tikaona bwino, amene anavutika kwambili pa kutseka kuja ndi amai ophika omwewo. Iwo ndiwo oyamba kugwetsedwela khonde matenda akabuka, pamene pa zaka zonse zimene khondelo linali kukula palibe wa udindo anabwela kudzapima kapena kulangiza. Ife tiona kuti colakwa cacikulu cili pamenepo. Khonsolo ifika mocedwa, ndipo ifika ndi cigumula.

Pali zina zimene sizilindila Civic Centre. Wadi iliyonse ili ndi khansala wake ndiponso komiti ya citukuko, ndipo dandaulo lolembedwa ndi mabanja angapo limveka kuposa kunyozana pa mpopi wa madzi. Nthawi zambili mwini malo odyera ndi mnansi wodandaula akhala pa mphasa imodzi mu mphakati, ndipo ana ao asewela pamodzi. Kukambilana mabuloko asanafike nkosavuta kusiyana ndi kukambilana denga litakhomedwa. Mafunso ake ndi ocepa. Kodi galimoto idzapitabe? Madzi akuda adzapita kuti? Cimbudzi cili patali bwanji ndi citsime? Ndipo kodi malowa adzakhala a nsima yokha, kapena madzulo kudzabwela mowa ndi zokuzila mau pafupi ndi mawindo a ana okonzekela mayeso a Grade 7?