Diso limaona zimene thupi linazolowera

Pachipatala china ndinapeza bambo wina wofa ziwalo zakumanja chifukwa cha sitiroko atangoti maso dwii pa mdzukulu wawo. Mwanayo ankanyamula kapu, kuiika pansi, kuinyamulanso. Patapita mphindi zingapo, adokotala olimbitsa ziwalo anauza bambowo kuti nawo ayesere. Achibale amene anali pabenchi ananong'onezana kuti kumeneko n'kutaya nthawi.

Koma kodi kunalidi kutaya nthawi? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, gulu la Giacomo Rizzolatti pa yunivesite ya Parma ku Italy linkayeza maselo a muubongo wa anyani. Linapeza kuti maselo ena amene amagwira ntchito nyani akamatola chakudya, amagwiranso ntchito nyaniyo atangokhala phee, n'kumaona munthu akutola chakudyacho. Mu 1996 anawatcha mirror neurons, kuwafanizira ndi galasi.

Chodabwitsa kwambiri chinatulukira ku London. Mu 2005, Beatriz Calvo-Merino ndi anzake anaunika ubongo wa ovina ballet ndi ovina capoeira, gule wa ku Brazil, akuonera makanema a magule onse awiri. Mbali zolamulira kuyenda kwa thupi zinkatakataka kwambiri aliyense akamaona gule wake. Wina angati n'chifukwa chakuti gule ameneyo anamuonera kambiri. Chaka chotsatira anayeza amuna ndi akazi ovina ballet, amene amaphunzira limodzi n'kumaonana tsiku ndi tsiku, koma ali ndi masitepe ena osiyana. Ubongo unatakatakabe kwambiri pa masitepe amene munthuyo amavina yekha. Mu 2008, Salvatore Aglioti ku Rome anapezanso kuti akatswiri a basketball amadziwa ngati mpira ulowe usanachoke n'komwe m'manja mwa woponya, kuposa makochi ndi atolankhani amene amangoonerera.

Tsono pali zokwiyitsa zimene zimazungulira pa intaneti: eti ma mirror neurons aja ndiwo gwero la chifundo, eti ana a autism "galasi lawo linasweka". Maganizo amenewa anatchukadi cha m'ma 2000, koma kafukufuku wotsatira sanawatsimikizire, ndipo mu 2014 Gregory Hickok analemba buku lathunthu kutsutsa kukokomezaku. Kuuza kholo kuti mwana wake ali ndi ubongo wosweka popanda umboni ndi nkhanza chabe.

Nanga kapu ija? Kafukufuku akusonyeza kuti kuonerera kaye kenako n'kuyesera kumathandiza odwala ena a sitiroko, bola azipitiriza masewero olimbitsa ziwalo. Kungoonerera osasuntha mkono sikudzutsa dzanja. Bambo aja, mmene ndinkachoka n'kuti akadalimbana ndi kapu, mdzukulu ataigwirira kunsi.