Bondo likavulala pa karate, kuchira sikufuna phuma

Madzulo, m'maholo ndi m'makalasi ena ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, achinyamata amavula nsapato n'kuyamba kuponya mateche. Ambiri amaphunzira karate kapena taekwondo pasimenti, popanda choyala chofewa. Phazi likakakamira pansi pamene thupi likutembenuka, chimene chimalipira ndi bondo, kawirikawiri la mwendo woimira, osati woponya theche.

M'kati mwa bondo muli mitsempha iwiri yopingasana yomwe imagwirizira fupa la ntchafu ku fupa la msongolo. Wakutsogolo, womwe madokotala amautcha ACL, ndiwo umaduka kwambiri. Munthu amamva kuti "phwa!", bondo limatupa m'maola ochepa, ndipo pambuyo pake limagwedera ngati likufuna kupinda lokha. Amene amakhala m'mphepete mwa phiri la Soche kapena la Ndirande amazindikira msanga, chifukwa kutsetsereka kumavuta kuposa kukwera.

Masiku awiri kapena atatu oyamba ndi omwe ambiri amalakwitsa. Mwambo wathu ndi kuthowa ndi madzi otentha, kusisita mwamphamvu, ena mpaka kutema mphini. Zonsezi zimangowonjezera kutupa, ndipo lumo limatha kulowetsa matenda. Chofunika ndi kupumitsa mwendo, kuukweza pamtsamiro, kumanga bandeji mosathinitsa ndi kuikapo ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20. Ngati kunyumba kulibe fuliji, mafirizesi a pamsika amagwira ntchito yomweyo.

Ngati simukutha kuponda, kapena bondo lakana kuwongoka, pitani kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, monga cha Zingwangwa kapena cha South Lunzu ku Machinjiri, kuti akutumizeni ku Gulupu. Dziwani kuti X-ray imaonetsa mafupa okha. Mawu akuti "fupa silinathyoke" sakutanthauza kuti mtsempha uli bwino; dokotala ayenera kuliyesa bondolo ndi manja, ndipo nthawi zina pamafunika MRI.

Si aliyense amafunika opaleshoni. Koma aliyense amafunika mafizo, ndipo apa ndi pamene mtima umayesedwa. Mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu umafota msanga mwendo ukangokhala, choncho ntchito imayamba ndi zinthu zooneka zachibwana kwa munthu wa lamba wakuda: kuwongola bondo mpaka kumapeto, kulimbitsa ntchafu uli chigonere, kenako kuima ndi mwendo umodzi. Kutembenuka ndi kudumpha kumabwera kumapeto kwenikweni. Amene wachitidwa opaleshoni ya ACL amadikira miyezi 9 mpaka 12 asanabwerere kumpikisano. Akatswiri a mafizo amapezeka ku Gulupu ndi ku Kachere Rehabilitation Centre, ndipo ena amaphunzitsidwa mumzinda mommuno ku Kamuzu University of Health Sciences.

Chovuta n'chakuti ambiri mwa osewerawa amadyera mwendo womwewo, ena pa ulonda, ena pa kabaza. Kupweteka kukangochepa amameza Brufen n'kubwerera, bondo n'kuguluka kachiwiri, ulendo uno n'kung'amba kachicherewechere ka pakati pa mafupa, zomwe zimadzetsa nyamakazi munthu akadali wamng'ono.

Aphunzitsi ali ndi mbali yawo. Wovulala asamuthamangitse, komanso asamunene kuti ndi wamantha. Azibwerabe kuholo, azichita za manja atakhala pabenchi, aziwerengera anzake ndi kuwongolera ana ongoyamba kumene mmene akupondera.