Liwu lakuti ndalama: gwero, matanthauzo ndi kalembedwe kake

Mwa mawu amene amapezeka m'ziyankhulo zambiri za chigawo chino, liwu lakuti ndalama likufunika kulisamala mwapadera, pakuti limamveka chimodzimodzi koma silitanthauza chinthu chimodzi. M'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chibemba (indalama) limaimira chogulira malonda. M'Chishona, ndarama ndi dzina lakale la golide, ndipo chogulira malonda amati mari. M'chigwa cha Zambezi namonso, pakati pa oyankhula Chisena ndi Chinyungwe, tanthauzo la golide lidakalipo, pomwe chogulira malonda amachitcha kobiri.

Akatswiri a ziyankhulo ambiri amati liwuli lidachokera ku dirham, dzina la Chiarabu la khobidi lasiliva, lomwe nalonso lidachokera ku drachma ya Agiriki. Lidalowera kugombe la Nyanja ya India, kumene amalonda a Chiarabu ndi Chiswahili ankagula golide wa kumapiri a Zimbabwe kudzera pa doko la Sofala, Apwitikizi asadakhazikike pamalopo mu 1505. Chodabwitsa n'chakuti dzina la khobidi lasiliva lidasanduka dzina la golide. Zikuoneka kuti anthu adatcha katunduyo ndi dzina la chimene ankayesera mtengo wake. Kumpoto kwa Zambezi, tanthauzo la khobidi ndilo lidazika mizu, kotero kuti omasulira Buku Lopatulika la mu 1922 adachita kubwereka golidi ndi siliva ku Chingerezi.

Pa kalembedwe, vuto lili pa l ndi r. Malamulo a Chichewa Board adalola r pambuyo pa e ndi i pokha, choncho ndalama ndi mmene liyenera kulembedwera m'Chichewa. Chishona chovomerezeka chimalemba r paliponse. Kusiyanaku n'kwa zilembo chabe, ndipo sikungakhale maziko osiyanitsira matanthauzo: kunena kuti ndarama akhale golide, ndalama chikhale chogulira, n'kupanga lamulo limene pakamwa pa anthu mulibe.

Osindikiza mabuku a sukulu opita mbali zonse za malire achenjere kwambiri ndi nkhani za mbiri yakale. Chiganizo chakuti ufumu wa Mutapa unkagulitsa ndalama n'chomveka kwa mwana wa ku Tete, koma kwa wa ku Dedza kapena ku Chipata n'chopanda mutu. M'mabuku a Chichewa mulembedwe golide, ndipo tanthauzo lakalelo liikidwe m'dikishonale, pamodzi ndi dzina la chiyankhulo chimene chikulisungabe.