Kumvetsera Cimbale ca Charlie Parker

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu a ku Mwape, ku Nyimba ndi ku Petauke, phunziro lathu lero likhudza cimbale ca nyimbo za jazi cochedwa Jazz at Massey Hall.

Anacijambula pa 15 May 1953 m'holo ina ya mumzinda wa Toronto, ku Canada, anthu alikuonerera. Oimba anali asanu: Charlie Parker pa sakisofoni, Dizzy Gillespie pa lipenga, Bud Powell pa piyano, Charles Mingus pa besi, ndi Max Roach pa ng'oma. Mipando yambiri inali yopanda anthu, pakuti usiku womwewo Rocky Marciano analikumenyana nkhonya ndi Jersey Joe Walcott. Asanuwa sanajambulenso pamodzi, ndipo Parker anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 34 zokha.

Sakisofoni ndi citoliro cokhota ngati kaliwo, cokhala ndi kabango kopyapyala pamene woimba aikapo milomo. Ambiri amapangidwa ndi mkuwa, koma wa Parker usikuwo anali wa pulasitiki.

Pomva koyamba mwina mudzayesa phokoso cabe. Musafulumire kutero. Kumbukirani woimba kalimba kwanu kwa Ansenga. Iye amabwereza kanyimbo kamodzi, koma ulendo uliwonse cala cake cimapatuka pang'ono ndi kubwereranso m'njira. Parker acita cimodzimodzi, kungoti iye apatuka patali ndiponso mwaliwiro loopsa. Poyamba onse aimba nyimbo yeniyeniyo. Kenaka aliyense alowa m'bwalo payekha, napeka pomwepo zimene sanazilembe papepala, anzake alikumgwirira mayendedwe. Potsiriza nyimbo ija ibweranso.

Yambani ndi Salt Peanuts, ndiko kuti nsawa zothira mcere. Mudzamva Gillespie alikufuula dzinalo, Roach alikuliza ng'oma yekha kwa nthawi yaitali, ndi anthu alikuomba m'manja. Kuomba m'manjako musakuyese cisokonezo. Woimba amakumva, nalimba nako mtima, monga wovina akamva nthungululu. Komabe si zonse zili monga zinamvekera m'holomo: besi inamveka motsika, motero Mingus anaijambulanso pambuyo pake.

Aphunzitsi, lizani nyimboyi kawiri. Ulendo woyamba ana agogode pa desiki motsata ng'oma. Ulendo waciwiri akhale cete, ndipo aliyense akweze dzanja pamene wamva kuti nyimbo ya paciyambi yabweranso.