NYAMA YA PAPHEWA LA NKHUMBA: KAPHIKIDWE KA KU KOREA KOSATHA MAKALA

Cigawo ca Kum'mawa cimadziwika m'Zambia monse ndi nkhumba za m'midzi. Kucokera ku Petauke, kudutsa Sinda ndi Katete, kukafika ku Chipata ndi ku Chadiza, ndi midzi yowerengeka yokha imene mlendo angalowemo osaona nkhumba ikufukula pansi pa mtengo wa mango. Nkhumba imagulira ana zovala za kusukulu, imagula feteleza, ndiponso ndiyo imagwa pa ukwati ndi pa Khirisimasi. Koma ikaphedwa, anthu amalimbirana nthiti ndi nyama ya pamsana, zimene sizicedwa kupsa. Nyama ya paphewa, ndiye kuti ya pamwamba pa mwendo wakutsogolo, amai ambiri amaidandaula kuti imatha nkhuni.

Dandaulo limeneli n'loona. Phewa limagwira nchito tsiku lonse, makamaka pa nkhumba yoyendayenda, conco nyama yake ili ndi mitsempha yambiri yoyera ndi yolimba. Ikaikidwa pa makala mothamanga imatafunika ngati mphira. Koma ikaphikidwa nthawi yaitali, mitsempha ija imasungunuka nkusanduka msuzi womata milomo, ndipo nyama imayoyoka yokha. Mumphika wamba, zimenezi zimafuna maola awiri kapena atatu. Ku Chipata palinso cina cocedwetsa: mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo pamalo okwera cotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Kusonkhezera moto sikuwatenthetsa kuposa pamenepo; amangouluka ngati nthunzi.

Poto wa pulesha anapangidwira vuto limeneli. Woyamba kupanga ciwiya ca mtunduwu anali Denis Papin wa ku France, m'caka ca 1679 ali ku London. Civundikiro cake cimakhoma, m'mphepete mwake muli mphira, ndipo pamwamba pali kabowo kamodzi kotulukira nthunzi. Popeza nthunzi imapanikizika m'kati, kutentha kumafika pafupifupi madigiri 120, ndipo nyama ya maola atatu imafewa m'mphindi 40. Amene anagula makala m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, akudziwa phindu la maola awiri opulumuka pa mbaula. Mtengo wa potoyu si wamasewera, koma amai a kalabu imodzi angathe kusonkherana nkumabwerekana.

Nanga zokometsera? Pano anthu a ku Korea, dziko la kum'mawa kwa Asia, ali ndi zophunzitsa, pakuti nawonso amakonda nkhumba ndi tsabola. Tsabolayo si wakwao. Anacokera ku America, monga anacokera cimanga, ndipo buku loyamba kumuchula ku Korea ndi limene Yi Su-gwang analemba m'caka ca 1614. Lero mtima wa ndiwo zao zambiri ndi phala lofiira lolimba, dzina lake gochujang, limene la ku Sunchang ndilo lomveka kwambiri. Amalipanga ndi tsabola wosinja, mpunga womata, ufa wa soya wosasitsa, mcere ndi cimera ca balere, nkulisiya miyezi ingapo m'mitsuko yadothi panja pa dzuwa. Mai aliyense wodziwa kufulula thobwa wazindikira kale nchito ya cimera pamenepa: ndico cimasandutsa phala kuti litsekemere. Motero gochujang amawawa, amatsekemera, ali ndi mcere, zonse pamodzi. Nkhumba yokazingidwa ndi phalali amaicha jeyuk bokkeum.

Gochujang weniweni sapezeka wamba ku Chipata, koma zofanana naye zili pa msika wa Kapata ndi m'madimba. Pa kilogalamu imodzi ya nyama, wophika asinje pamodzi mumtondo waung'ono masipuni awiri aakulu a tsabola wofiira wouma wa mtundu wosawawa kwambiri, timano 6 ta adyo, ndi kacidutswa ka jinja kaukulu ngati cala cacikulu. Aonjezemo masipuni atatu a soya sosi wa m'botolo, amene amagulidwa m'masitolo akuluakulu a m'tauni, masipuni awiri a uci kapena shuga, ndi masipuni atatu a thobwa lolimba. Kukoma kwake sikufika pa phala losasa miyezi, koma njira yake ndi yomweyo. Cenjezo lili pa tsabola: wa ku Korea sawawa ngati piripiri wamng'ono wa kuno kapena kambuzi wa ku Malawi. Amene ali ndi piripiri yekha aike awiri kapena atatu, kufiira kwa msuzi akupeze kwa tomato.

Asanafike pa moto, wophika ayang'ane nyama bwinobwino. Phewa, lilime, mtima ndi masaya ndi malo amene mumakonda kukhala masese, timatuza toyera tonga njere za mpunga tokhala m'kati mwa mnofu. Timeneti ndi ana a njoka ya m'mimba yaitali yaphanthi. Munthu wodya nyama yotere yosapsa bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake, ndipo mazira ake amatuluka ndi cimbudzi. Nkhumba ikawadya kuthengo, masese amabadwanso. Munthu akawameza kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, timatuza tija tingakhale mu ubongo wake nkuyambitsa khunyu. Akatswiri a pa University of Zambia apeza matendawa m'midzi ya ku Katete ndi ku Petauke. Kutentha kwa poto wa pulesha kumapha masese, inde, koma si cifukwa cogulira nyama yoonekeratu kuti ili nao, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Yotere ionetsedwe kwa alangizi a ziweto.

Nyama yabwino idulidwe zidutswa zokwana pakamwa kawiri, mafuta ake osacotsedwa onse. Ipakidwe theka la zosinja zija nkukhala ola limodzi pamthunzi, yovundikira. Kenaka ikazingidwe pang'ono m'poto wosatseka pamodzi ndi anyezi awiri mpaka itaderako. Wophika athiremo kapu imodzi ya madzi, akokote ndi mthiko zonse zomatirira pansi, ndipo theka lotsala la zosinja aliike pamwamba pa nyama osatakasa. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: uci ndi thobwa zikakhala pansi zimapserera, ndipo poto wokhoma satakasidwa.

Poto ameneyu safuna ulesi. Asadzaze kupyola magawo awiri mwa atatu. Asanatseke, wophika aloze civundikiro kudzuwa kuti aone ngati kabowo ka nthunzi n'kotseguka, aonenso ngati mphira sinang'ambike. Poto akayamba kuliza mluzu, moto ucepetsedwe. Pa mbaula ndiye kuti kupatula makala ena. Kucokera pamenepo ziwerengedwe mphindi 35, kapena 45 ngati nkhumba inali yaikulu msinkhu. Akaphula, poto asiyidwe yekha mphindi 15 kufikira nthunzi itatha. Kukakamiza civundikiro nthunzi ikalimo kwapsereza anthu kumaso ndi m'manja, ndipo ana asayandikire.

Akatsegula, msuzi umaoneka wamadzimadzi, pakuti sunali ndi pouluka. Ubwerere pa moto mphindi khumi wosavundikira mpaka utagwira nyama. Mcere ulawidwe panthawi ino, cifukwa soya sosi ali nao kale wambiri. Pamwamba awazepo citowe cokazinga ndi masamba a anyezi oduladula.

Ku Korea amatenga kacidutswa ka nyamayi, nkukakulunga m'tsamba la letesi pamodzi ndi mpunga pang'ono, nkuika zonse m'kamwa kamodzi. Mpunga wa ku Chama ungagwire nchito yomweyo. Koma msuzi wolimba cotere umayenda bwino ndi nsima yotentha, pambali pali cibwabwa kapena repu wosathira tsabola, kuti agogo ndi ana apeze popumira lilime.