Ukonde wobisika m'tsamba la chimanga

Chimanga chikamera pansi pa mphika wovundikira kapena pansi pa mulu wa zinyalala, masamba ake amatuluka achikasu. Mukachotsa chovundikiracho, pakangopita tsiku limodzi kapena awiri masamba aja abiriwira. Kodi mmera womwe sunaonepo dzuwa umafulumira bwanji chotere?

Yankho lili m'maselo a tsamba. M'maselo ambiri muli tizipinda tophikira chakudya cha mbewu, totchedwa chloroplast. Mmera ukadali mumdima, tizipindati timakhala tisanakhwime, ndipo akatswiri amatitcha etioplast. Koma sikuti timangokhala chabe. M'kati mwake nembanemba yopyapyala imapindika n'kukhala timachubu tolumikizana, tochepa kuposa tsitsi la munthu nthawi zoposa 1,000. Luko limeneli dzina lake ndi prolamellar body, ndipo Brian Gunning analongosola kapangidwe kake mu 1965 ataliona ndi makina amphamvu oonera tinthu tating'onoting'ono.

Taganizirani ukonde wa asodzi, koma wolukidwa m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba momwe. Pa mfundo iliyonse pamakumana timachubu tinayi, ndipo kalukidweka kamabwerezedwa mofanana mbali zonse, monga momwe maatomu amayalidwira mu mwala wa dayamondi. Chodabwitsa n'chakuti katswiri wa masamu wa ku Germany, Hermann Schwarz, anali atalemba kale za maonekedwe otere mu 1865, anthu asanawaone m'tsamba.

Nanga ntchito yake n'chiyani? Choyamba, kaluko kotere kamasunga nembanemba yochuluka pamalo ochepa, ngati ukonde waukulu wopindidwa bwino m'bwato. Chachiwiri, pa timachubuti pamakhala utoto wosapsa wotchedwa protochlorophyllide, utagwiridwa ndi puloteni ya POR. Kuwala kukangofika, puloteniyo imasintha utotowo nthawi yomweyo, ndipo posakhalitsa umasanduka chlorophyll, amene amabiriwiritsa tsamba. Ukonde uja umamasuka n'kuyalika ngati mbale zosanjikizana, ndipo kuphika chakudya kumayamba. Chachitatu, utoto wosapsawu ukakhala wosagwiridwa umawononga selo dzuwa likauwomba. Choncho kuugwira kumateteza mmera.

Liwiroli ndi nkhani ya moyo kapena imfa. Njere ili ndi kamba wochepa, ndipo mmera uyenera kuyamba kudzidyetsa kambayo asanathe. Ichi n'chifukwa chake kubzala mozama kwambiri kumapweteketsa mlimi: mmera umathera mphamvu zake pokwera, n'kufika pamwamba uli wofooka, mwinanso osafika kumene.

Makolo, yesani izi ndi ana anu. Bzalani chimanga m'zitini ziwiri, china muchiike poyera, china muchivundikire ndi ndowa. Pakatha sabata vundukulani, muike mmera wachikasu uja powala, ndipo muziuyang'ana m'mawa ndi madzulo. Ukonde weniweniwo simuuona ndi maso, koma ntchito yake mudzaiona tsamba likamabiriwira.